Mapiritsi a Mng'ono Wanga

Amayi anga sanandiuzepo zikomo chifukwa cha madzi osamba. Sindikudandaula ayi, ndikungonena. Koma mng'ono wanga akatumiza chithunzi pa foni, ataima pakati pa mabotolo ake ndi chikhoti choyera, amayi ankachipsompsona mpaka galasi kunyowa. Foniyo inali yanga, ndipo wopukuta malovuwo ndinalinso ine.

M'mimba mwa amayi tinatuluka awiri basi, ine woyamba. Bambo anachokera kum'mawa, ku Katete, kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Livingstone, ndipo anatisiyira nyumba ku Nottie Broadie momwe ndikukhala ndi amayi mpaka lero. Ine sukulu ndinailekezera panjira bambo atapuma ntchito, ndipo panalibe wondifunsa ngati ndikufuna kuisiya. Ndimasoka zikwama ndi maepuloni a chitenge, mnzanga wina n'kumandigulitsira kwa alendo opita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mng'ono wangayo ndiye anauluka ndi sukulu mpaka kutsidya kwa nyanja. Amamutcha dokotala, koma si dokotala wogwira wodwala ayi, amagwira ntchito m'labu ya kampani ina ya mankhwala. Ameneyo ndinamubereka kumsana ine, mamina ake ndinkapukuta ndi chitenge changa. Nkhope anatenga ya amayi, ine ya bambo. Chimene tinagawana mofanana ndi mawu okha. Tili atsikana, wina akaitana ali kuseri kwa nyumba, ngakhale bambo sankadziwa kuti waitana ndani. Kusiyana kunabwera pambuyo pake: iye anayamba kulankhula mofewa, mokoka mawu, n'kumati "mami," ine ndikadali pa "amama" wanga yemweyo wakale.

Nsanje ndili nayo, ndipo sindibisa. A kutchalitchi amati nsanje ndi tchimo. Chabwino. Abwere adzachape zofunda za amayi sabata imodzi yokha, uku akumva munthu wina akutamandidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndiye tidzakambirane za machimo.

Bambo atamwalira, amayi anapezeka ndi bipi ndi shuga. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi, nati azimwa m'mawa uliwonse osadumphitsa, apo ayi tsiku lina mtsempha udzawavuta m'mutu. Pamaso pa nesi amayi anavomera bwinobwino ngati mwana womvera. Titangofika kunyumba anati, "Bambo ako anafa akumwa timiyala tomweti. Ine toto."

Ndinawanyengerera, ndinakalipa, ndinaitana abusa. Pamaso pa abusa anaika piritsi m'kamwa n'kunena ameni, abusa atangotuluka pageti analilavulira m'chitini cha maluwa. Mapiritsiwo ndinkawapeza paliponse: kunsi kwa pilo, pamfundo ya chitenge, ngakhale m'Baibulo, cha m'Masalimo. M'Nottie Broadie yense, wopanda bipi linali duwa la m'chitini lija. Amayi miyendo inkatupa, mutu unkawawa, ndipo ine ndinkagona ndi khutu limodzi lili kuchipinda kwawo.

Tsiku lina m'mawa mtima unandikwera. Ndinali nditaima ndi kapu ya madzi mpaka mkono kuwawa, makina osokera akundidikira, iwo atatseka pakamwa kuti gwa. Ndiye ndinanena monyoza, kungofuna kuwabaya basi.

"Imwani, amama. Apanga ndi adokotala anu aja a kutsidya. Kapena nawonso akufuna kukuphani?"

Amayi anatukula maso. "Wapanga ndi mwana wanga?"

"Eya. Nanga ntchito yake ndi yotani, si mankhwala?"

Analandira piritsilo ndi manja awiri ngati mkate wa mgonero, n'kumeza. Madzi anamaliza onse. Koma abale inu! Miyezi yonse ija ndikugwada, ndikulira, ndikuitana abusa, mankhwala ake anali kungotchula mwana amene kulibe. Ndinapita kukakhala pa makina, ndipo ndinasoka chogwirira cha chikwama chozondoka.

Madzulo ake ndinachotsa mapiritsi m'timapepala ta kuchipatala n'kuwathira m'kachitini ka maswiti komwe mng'ono wangayo anatumiza pa Khirisimasi. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkatsegula kachitiniko n'kunena kuti, "A mwana wanu awa." Miyendo inaphwa, mutu unaleka kuwawa, nesi anawayamikira kuti ndi wodwala wachitsanzo. Ine ndinkasangalala kuona amayi akuyenda okha mpaka pakhonde, ndithu ndinkasangalala. Koma mawu amenewo ankandiwawa tsiku lililonse, ndipo sanazolowereke.

Amayi sasunga nkhani. M'tchalitchi chathu ambiri ndi Alozi, a ku Mongu ndi ku Senanga, ndipo pasanapite nthawi onse anali atamva kuti mwana wa amayi amapanga mapiritsi ndi manja ake n'kuwatumizira mayi ake pa ndege. Mayi wina wamtali, wotsogolera kwaya, anafika pondikokera pambali kundipempha piritsi limodzi lokha loti akapatse amuna ake. Ndinamukaniza, ndipo anakauza anzake kuti ndine womana.

Mng'ono wanga sindinamuuze. Akaimba foni ankafunsa, "Ba sisi, mami akumwa mankhwala?"

"Akumwa."

"Ii, mwawagonjetsa bwanji?"

"Ndili ndi njira zanga."

Ndimuuze kuti chiyani? Kuti ngakhale ali kutali choncho, ndiye akuwasunga amayi ndi moyo, ine ndangokhala wonyamula kapu? Chisangalalo chimenecho sindikanamupatsa.

Anabwera kudzacheza mu Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuno limaphika munthu ali pamthunzi, mathithi atauma mbali yathu ino. Amayi anandichapitsa makatani, anandikwechetsa makoma, anandisamutsa pabedi langa kuti mlendo asagone pa matiresi obooka. Ndinakamuchingamira kubwalo la ndege, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti ndimuuza m'takisi, tisanafike kunyumba. Tikutsika ndi msewu wa Mosi-oa-Tunya, iye akuyang'ana masitolo atsopano, ndinayamba.

"Tamvera, pali nkhani ya mapiritsi a amama."

"Eya, ba sisi, inenso ndimafuna tikambirane," anatero osanditembenukira. "Pa chithunzi munanditumizira chija nkhope ya mami inaoneka yotupa pang'ono. Simukuwachulukitsira mchere? Ndi mafuta ophikira aja, muchepetseko."

Nkhani ya mapiritsi ndinaisiya pomwepo. Munthu sanaponde n'komwe pakhomo, chikwama chikadali ndi kapepala ka ndege, wayamba kale kundiphunzitsa kuphikira mayi amene ndimawasendera ngakhale nthochi. Ndinati mumtima, chabwino adokotala, mukadzionera nokha. Titafika, amayi amene ankafuna mkono wanga kuti atsike sitepe ya pakhonde anathamanga okha mpaka pageti, ndodo ataiiwala.

Lamlungu masana azimayi a kutchalitchi anadzaza pansi pa mtengo wa mango, ena atavala misisi yawo, madiresi otambalala a Chilozi, ngati kuli ukwati. Ine ndinali wothira tiyi. Amayi anandikodola.

"Iwe, katenge kachitini kaja." Nditabwera nako anakaika m'manja mwa mng'ono wanga monyadira. "Auze anzangawa mmene umapangira, mwana wanga."

Iye anatsegula, anatola piritsi limodzi, analitembenuza, kenako anaseka. Kuseka kwake kopanda mlandu kuja.

"Awa, mami? Awa sindinapange ine ayi. Awa ndi akalekale, anayamba kupangidwa ine ndisanadziwe n'komwe kuwerenga. Ine sindipanga mapiritsi. Ndimapanga tizidutswa tomangira mankhwala. Dikirani ndikuonetseni."

Sanayang'ane nkhope ya amayi, sanayang'anenso yanga. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini changa cha mabatani ndi mapini, osapempha, n'kukhuthulira pa thireyi yanga ya tiyi. Anayala mabatani asanu ndi limodzi mozungulira, n'kuwalumikiza ndi mapini.

"Mankhwala alionse," anatero, "mkati mwenimweni momwe diso silifika, ndi tinthu tolumikizana ngati mikanda. Ambiri amakhala ndi kamphete kotere, ka mbali zisanu ndi imodzi. N'kosavuta, kamakhala phee, koma n'kophwatalala ngati mbale. Nthawi zina mankhwala otere amakana kusungunuka bwino, kapena chiwindi chimawatafuna msanga asanagwire ntchito yake."

Anachotsapo mabatani awiri n'kukankhira otsalawo pamodzi. Kenako anachotsanso limodzi.

"Ine ndimapanga iti, ta mbali zinayi ndi ta mbali zitatu. Taonani mmene mapini athinanirana pamakona. Timeneti sitifuna kutsekeka. Ukangolakwitsa kutentha pang'ono kamatseguka, ntchito ya milungu yambiri yapita m'madzi. Koma kakatsekeka sikagwedera. Ukakalowetsa m'malo mwa kachidutswa kena, mankhwala amatha kukhalitsa m'thupi, kapena kulowa bwino pomwe akufunika, ngati kiyi paloko yake. Ndikapanga ndimatiika m'timabotolo, anzanga ena n'kumatenga kukayesa kumangira mankhwala atsopano."

Analankhula bwino, chilungamo chake. Maso ake ankawala, zala zikuvina pamwamba pa mabatani anga. Ndipo zimenezo zinandiwawanso mwa njira ina, chifukwa ine sindinaonepo maso anga akuwala pofotokoza za epuloni.

Mayi wa kwaya uja anatsokomola. "Manje ba dokota, mankhwala yanu ni yati? Tikagule ku famasi."

"Palibe, bo-ma. Sanafikebe. Ambiri amalephera panjira, ndiye timayambiranso. Mwina tsiku lina."

"Zaka zonse izi?"

"Zaka zonsezi," anayankha, kuseka kwake kutayamba kuchepa.

 Azimayi aja anayang'ana mabatani, anayang'ana amayi, anayang'ananso mabatani. Wina wa kumapeto anati, "Oho," n'kuyamba kufunafuna nsapato zake. Ine mtima unavina. Ndinanyamula ketulo ngati ndikukatenga madzi, ndinapita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaseka nditadzitseka pakamwa ndi chitenge mpaka misozi. Adokotala a kutsidya, opanda ndi piritsi limodzi lomwe! Zaka zambiri ndinali ndisanamve kukoma kotero.

Walira mvula walira matope. M'mawa mwake ndinalowa ndi kapu ndi kachitini, ndinapeza pakamwa paja patsekedwa ngati kale.

"Wabodza iwe," amayi anatero. "Mwana wanga sanama. Wanena zoona pamaso pa anthu, sanafune ulemu wosakhala wake. Iwe wandimwetsa timiyala ta bambo ako chaka chathunthu, n'kundichititsanso manyazi kwa anzanga."

Mwamva? Kugwa kwake kunatha usiku umodzi. Pofika m'mawa anali atadzuka ali woyera kuposa kale, wodzichepetsa, wopanga tinthu tating'ono toti ngakhale azungu sationa ndi maso. Matope onse anagwera ine. Mng'ono wanga anali ataima pakhomo la chipinda ndi mswachi m'manja, ndipo apa m'pamene anamvetsa zonse. Ananditsatira kukhitchini.

"Ba sisi, bwanji osandiuza?"

"Ndinatanganidwa ndi kuchepetsa mchere."

Anayesa, ndisamunamizire. Anagwada pamaso pa amayi, anatenga payipi yothirira maluwa, anaipinda kuti awaonetse mmene magazi amakankhira mtsempha. Anati mapiritsi a kuchipatalawo ndi abwino, ayesedwa pa anthu ambirimbiri, ndipo iyeyo atadwala angamwe omwewo. Amayi ankangomusisita kumutu akumwetulira.

"Ukadzapanga ako ndidzamwa, mwana wanga. Ndidikira."

Ndinayesa kusinja piritsi n'kuthira m'phala. Ananunkhiza, anakankhira mbale kutali, ndipo kuyambira tsikulo chilichonse chochokera m'manja mwanga ankayamba wachinunkhiza. Ngakhale madzi osamba anawakana, ati asamba okha. Mutu unayambiranso. Anamanga kansalu pachipumi n'kumati ndi dzuwa. Ine ndinkaona miyendo ikutupa, ndinkawerenga nkhope yawo m'mawa uliwonse, ndipo mantha anali atandidya mpaka nsanje inasowa pokhala.

Kutatsala pang'ono kuti mlendo wathu abwerere, amayi anapita okha pampopi wa panja m'mawa kukasukusula. Ndinamva beseni likugubuduka. Ndinawapeza atagona chammbali m'matope, pakamwa patakhotera kumanzere, akuyesa kulankhula koma mawu osatuluka. Ndinakuwa mpaka aneba onse anatuluka. Bambo wa nyumba yoyandikana nafe anatitengera kuchipatala pa takisi yake, mutu wa amayi uli pamiyendo panga, mng'ono wanga atawagwira dzanja akungoti mami, mami.

Inali sitiroko. Mulungu anatikomera mtima, sinawatenge. Mawu anabwerera, koma dzanja lamanzere linafooka, ndipo maso, amene shuga anali atayamba kale kuwaphimba, tsopano ankangoona zithunzithunzi. Ndipo ali m'chipatala momwemo, pabedi la odwala, amayi anatsekanso pakamwa nesi atabwera ndi mapiritsi. Dokotala anatiitanira pakhonde. Anati popanda mankhwalawo ina ibwera, ndipo yachiwiri kawirikawiri siichita chifundo.

Tinatuluka panja, pansi pa mtengo pomwe amakhala odwazika matenda ndi mabasiketi awo. Ndinali nditaona kuti dokotala wasintha piritsi limodzi. M'malo mwa loyera lija, tsopano linali lofiirira.

"Ulowa," ndinamuuza, "ukawauza kuti ofiirawo ndi ako."

"Ba sisi, sindinganame pa nkhani ya mankhwala. Ntchito yanga yonse yagona pa kusanama za zimenezi."

"Ha! Ntchito yako! Ine ndanama m'mawa uliwonse chaka chathunthu, ndipo bodza lake linali lokukweza iwe. Ukuyesa linkandikomera m'kamwa? Iwe sunganame kamodzi kokha kuti mayi ako akhale ndi moyo? Ukawaika m'manda ndi chilungamo chakocho, n'kukwera ndege?"

Anthu anasiya kudya n'kumatiyang'ana. Iye anayamba kulira, kulira kwa mamina kuja komwe ndinkakudziwa ali mwana.

"Mukudziwa mmene zimandiwawira," anatero, "kuti palibe changa ndi chimodzi chomwe chimene chinachiritsapo munthu?"

Sindinamumvere chisoni. Tsiku limenelo chisoni changa chonse chinali m'wodi.

"Ndiye lero ndi mwayi wako. Pukuta kumaso, ukachiritse."

Analowa. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anatenga piritsi lofiira lija, n'kulankhula ndi mawu ake ofewa aja.

"Mami wanga, ndi ine. Oyera aja sanali anga, n'zoona. Koma ofiirawa muli kamphete kanga. Ndi anga, mami. Imwani, eti?"

Amayi anatsegula pakamwa. Atameza anafufuza nkhope yake ndi dzanja labwino lija, n'kunena kuti, "Ndinadziwa kuti sungandisiye." Kapu ya madzi ndinagwira ndine.

Mlendo ndi mame. Tchuthi chake chinatha, anabwerera ku mabotolo ake. Koma amayi anali atanenetsa kuti kuchokera m'manja mwa wabodza samwa kanthu pokhapokha amve kwa mwini wake. Kuimba foni m'mawa uliwonse sakanatha, nthawi imeneyo amakhala ali kale m'labu, manja ali m'magolovesi. Ndiye asananyamuke anajambula mawu ake m'foni yanga, mawu omwe aja a m'chipatala. Inakhala ntchito yanga yatsopano. Ndikawasambitsa, ndikawaveka, ndinkawakhazika pampando wa pawindo, kuwaika foni m'dzanja labwino, n'kudina. "Mami wanga, ndi ine." Amayi ankayankha, ankafunsa za moyo, ankayamba kufotokoza za aneba, koma foni inali itakhala kale chete.

"Netiweki yaduka, amama," ndinkatero.

"Ali ndi ntchito yambiri mwana uja," ankausa moyo, n'kumeza.

Kenako inafika nyengo ija madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumabwera ngati akuba. Tsiku lina anapita m'mawa, osabwera masana, osabwera madzulo, ndipo kutacha foni yanga inali itafa. Ndinathamangira kwa aneba, nawonso zawo zinali zakuda. Ndinawasambitsa amayi, ndinawakhazika pampando wawo.

"Amama, lero foni ilibe moto. Ingomwani, ndi ofiira omwe aja."

"Ndidikira magetsi."

"Mwina sabwera mpaka mawa."

"Ndidikira mawa."

Ndinayang'ana pakamwa pawo, pomwe mpaka lero sipanaongokeretu, ndipo ndinamvanso beseni lija likugubuduka pampopi. Ndinapita kukhitchini, ndinaima pang'ono, ndinabwerera.

"Yayaka, amama. Inali ndi kamoto pang'ono."

Ndinawaika foni yakufayo m'dzanja, iwo n'kuitengera kukhutu. Ndinagwada kumbuyo kwa mpando, pakamwa panga pafupi ndi foniyo, ndinafewetsa mawu, ndinawakoka.

"Mami wanga, ndi ine. Ofiirawa ndi anga, mami. Imwani, eti?"

"Mwana wanga! Wadzuka bwanji?"

Apa ndinayenera kukhala chete monga foni inkachitira masiku onse. Koma pakamwa panayankha pokha.

"Ndadzuka bwino, mami. Kaya inu?"

Amayi anakanikiza foni kukhutu. "Lero netiweki ilipo!" Kenako anatembenuzira nkhope cha kuchitseko, n'kulankhula ndi mawu ena aja, amene amasungira ine. "Iwe, tuluka, ndilankhule ndi mwana wanga. Utseke chitseko."

Nditani? Ndinaimirira, ndinakhwekhwereza masilipasi mpaka pakhomo, ndinatseka chitseko ndili mkati momwemo. Ndinavula masilipasiwo n'kubwerera monyang'ama, chopanda nsapato, kukagwadanso pamalo paja.

Anandifunsa ngati ndikudya mokwanira. Anandifunsa ngati kukuzizira, ngati ndili ndi juzi lokhuthala, ngati kuli mwamuna amene wandiyang'anako. Anati amandilota kawirikawiri ndili kamwana, ndikuthamangitsa nkhuku. Mawu amenewo, ofunda, oseka, ndinali ndisanawamvepo akubwera kwa ine, ndipo ndinkayankha eya mami, ayi mami, maondo akuwawa pasimenti. Anadandaula kuti phala la masiku ano limakhala ndi mibulu. Kenako anatsitsa mawu.

"Mkulu wakoyu ali nawe nsanje, kuyambira uli kumsana kwake. Ine ndimaona, ngakhale maso anatha. Usamude ayi. Mutu wa sukulu analibe, si chifukwa chake. Uzimutumizirako kansapato, kansalu, mtima wake uzitsika. Koma usamuuze kuti ndanena. Angandithawe, ndiye andisambitse ndani?"

Mutu wa sukulu analibe. Ine amene ndinkamuphunzitsa kuchotsera ndi kuphatikiza ndi timiyala pakhonde pomwepa! Ndinafuna kuimirira, kukuwa ndi mawu anga enieni, kuwakumbutsa tsiku limene anapinda yunifolomu yanga n'kuiika m'sutikesi kuti idzakhale ya wamng'ono. Koma piritsi linali lisanamwedwe.

"Sindimuuza, mami," ndinatero mofewa. "Imwani tsopano, eti? Ndikupita kuntchito."

"Pita, mwana wanga, angakukalipire." Anaika foni pamiyendo, n'kukuwa. "Iwe! Bwera ndi madzi!"

Ndinanyang'ama mpaka pachitseko, ndinachitsegula mwaphokoso, ndinavala masilipasi, ndinabwera ndi kapu. Anameza bwinobwino. Akundibwezera kapuyo anati, "Mng'ono wako wakupatsa moni. Akuti ukugwira ntchito yaikulu."

Ine sindinanene zimenezo pa foni. Moni sindinapereke, za ntchito yaikulu sindinatchule. Ndinangoima ndi kapu m'manja, osadziwa kuti ndilire kapena nditukwane, mpaka iwo anandifunsa ngati ndamera mizu.

Magetsi anabwera madzulo ake. M'mawa ndinadina mawu ojambula aja monga mwa masiku onse. Amayi anamvetsera, anafunsa kuti wadzuka bwanji, ndipo foni itakhala chete anaikankha.

"Wosayankhayu sindimufuna. Muimbire bwinobwino ngati dzulo."

Ndiye ndi mmene tikukhalira. M'mawa uliwonse ndimawasambitsa osamva zikomo, ndimathamangitsidwa m'chipinda, ndimatseka chitseko, ndimavula masilipasi. Bipi yatsika, nesi akuti tipitirize zomwe tikuchitazo. Mng'ono wanga akadali ndi timphete take, akuti kena kapita patsogolo pang'ono, mwina kafika. Akaimbadi Lamlungu, amayi amadabwa kuti bwanji akufunsanso zimene anakambirana kale, ndipo ine ndimati ndi kutopa kwa ntchito. Tsopano nsanje ndimachitira munthu amene amalankhula ndi pakamwa panga pomwe.

Dzulo, nditagwada kumbuyo kwa mpando, amayi anandiuza kuti mwa ana awo awiri, wowamvetsa ndine ndekha, ndipo akamva mawu anga m'mawa tsiku lonse limawayendera bwino. Ndinati zikomo, mami. Kenako ndinapita kukavala masilipasi.